Eiko Ishioka: munthu mmodzi ankazikwanitsa bwanji za siteji, za filimu ndi za zovala?

Mwanawazisudzo

Akuluakulu, ndithandizeni. Dzina la Eiko Ishioka likumatulukira paliponse pamene anthu akukamba za okonza maonekedwe a sewero. Pena akuti ankapanga zithunzi zotsatsira malonda, pena akuti ndi amene anakonza siteji ya sewero lina ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, penanso akuti analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar chifukwa cha zovala za mufilimu. Kodi mayi ameneyu anali ndani, ndipo anayambira pati? Funso lachiwiri ndi limene likundizunguza mutu: siteji, malo ojambulirapo filimu ndi zovala, imeneyi ndi ntchito imodzi kapena zitatu? Amene mumaidziwa, ndiuzeni mmene imayendera kuchokera tsiku limene dizaina walandira sikiripiti, ndi pamene zinthu zimakonda kulakwikira. Ndikufuna manambala, chonde, osangoti "pamafunika luso".

Mkalamba_wa_Siteji

Ine ndiyankhe za mbiri, manambalawo ndisiyire a nyundo ndi a singano.

Mayi Ishioka sanali telala, ndipo sanakulire m'zisudzo. Anabadwira ku Tokyo pa 12 Julaye 1938. Bambo awo anali mmisiri wa zithunzi zamalonda, koma sankafuna kuti mwana wawo alowe ntchito imeneyo poti nthawi imeneyo inkaoneka ngati ya amuna okhaokha. Mayi Ishioka analowabe. Atamaliza maphunziro ku Tokyo National University of Fine Arts and Music mu 1961, analembedwa ntchito m'nthambi yotsatsa malonda ya Shiseido, kampani ya zodzoladzola. Chithunzi chimene chinawatchukitsa ndi cha mu 1966, chojambulidwa ku Hawaii: mtsikana wina, Bibari Maeda, khungu lopsa ndi dzuwa, akuyang'ana kamera mopanda manyazi. Masiku amenewo zotsatsa zodzoladzola ku Japan zinkaonetsa mkazi woyera mbee, wofatsa ngati chidole, ndiye mutha kuona phokoso limene linabuka.

M'zaka za m'ma 1970 anali ndi ofesi yawoyawo, akutsogolera zotsatsa za masitolo a Parco. Zambiri mwa zotsatsazo sizinkaonetsa n'komwe katundu amene akugulitsidwa. Ina ya pa TV inali ya Faye Dunaway, katswiri wa mafilimu wa ku America, atakhala phee, akusenda dzira lowiritsa, n'kulidya. Basi, yathera pomwepo. Mayi Ishioka ndi amenenso anakonza positala ya ku Japan ya filimu ya Francis Ford Coppola ya mu 1979, Apocalypse Now, ndipo pamenepo m'pamene Coppola anawadziwira. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anasamukira ku New York.

Ntchito yawo yaikulu yoyamba ya filimu ndi Mishima ya Paul Schrader, ya mu 1985, yonena za mlembi Yukio Mishima. Filimuyo ili ndi maonekedwe amitundu itatu. Tsiku lomaliza la moyo wa mlembiyo, pa 25 Novembala 1970, linajambulidwa mwachibadwa. Ubwana ndi unyamata wake zilibe mitundu, zakuda ndi zoyera zokha. Koma zigawo zochokera m'mabuku ake atatu anazimangira masiteji osabisa n'komwe kuti ndi omanga, ndipo buku lililonse linapatsidwa mitundu yakeyake: lina golide ndi wobiriwira, lina pinki ndi wotuwa, lina olenji ndi wakuda. Muli kachisi wagolide amene amang'ambika pakati n'kutulutsa kuwala. Pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 1985 momwemo, mayi Ishioka anagawana mphoto ya luso ndi John Bailey wa kamera ndi Philip Glass wa nyimbo.

Kenako zinangotsatizana. Chikuto cha chimbale cha Miles Davis cha mu 1986 chotchedwa Tutu, dzina lochokera kwa Akibishopu Desmond Tutu, chinawapatsa mphoto ya za nyimbo ya Grammy. Nkhope yapachikutopo anaijambula ndi Irving Penn. Mu 1988 anakonza siteji ndi zovala za sewero la M. Butterfly ku Broadway, ndipo anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za zisudzo za Tony mbali zonse ziwiri. Oscar ija analandira mu 1993 chifukwa cha zovala za mu Bram Stoker's Dracula ya Coppola.

Mmene ndimaonera ine, gwero la zonsezi ndi zaka pafupifupi 20 zimene anathera pa zotsatsa. Positala munthu amaiona kamphindi kochepa akudutsa; ikapanda kumugwira pomwepo, yapita. Ndiye anazolowera kusankha chinthu chimodzi choti diso ligwire poyamba, zina zonse n'kuchotsa. Onani ntchito yawo iliyonse, mupeza mtundu umodzi waukulu ndi mzere umodzi woti mwana angathe kuujambula pamchenga.

WaNyundo

Achimwene, pa funso lachiwiri: dizaina angakhale mmodzi, koma ntchito ndi zitatu, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi mtunda umene woonera wakhala. Ine ndinene za siteji.

Sikiripiti umaiwerenga katatu. Ulendo woyamba kungomva nkhani. Wachiwiri uli ndi pensulo, kulemba chilichonse chimene sewero silingayende popanda icho: makomo angati, ndani akulowera kuti, pali wobisala kuseri kwa chinthu, pakufunika makwerero. Wachitatu uli pansi ndi dayilekitala. Ukatero umatenga tepi kukayeza holo, mulifupi, mulitali, kufika kudenga, ndi khomo lolowetsera katundu. Khomo limeneli ndi limene limaiwalika, khoma lomangidwa bwinobwino n'kukakanirira panja, anthu n'kuyamba kulicheka ndi sowo tsiku loti sewero liyambe.

Usanagule thabwa ngakhale limodzi, umamanga kasiteji ka makatoni. Ku Britain ndi ku Europe muyezo wake ndi 1:25, kutanthauza kuti masentimita 4 ndi mita imodzi. Ku America amatenga theka la inchi kukhala futi imodzi, zimene ndi 1:24. Dulaninso kamunthu ka katoni. Munthu wa mamita 1.75 amatuluka masentimita 7, ndipo popanda kamunthuko simungadziwe ngati khoma lanu likuopsa kapena langokhala ngati mpanda wa nkhuku. Koyambako kakhale koyera, kopanda penti, kuti mukangane za mawumbidwe musanayambe kukangana za mitundu. Ndiye tsitsani diso lanu lifanane ndi la munthu wokhala pampando wakumapeto kumanzere, wakumapeto kumanja, ndi wakumbuyo kwenikweni. Chimene mipando itatu imeneyi sikuona, ndiye kuti anthu ena alipira ndalama kudzaonera msana wa khoma.

Makoma ake ndi chimango cha matabwa a mamilimita 25 kwa 75, chokutidwa ndi pulayiwudi ya mamilimita 4. Tsatirani kukula kwa pulayiwudiyo, mamita 1.22 kwa 2.44, kuti musamataye zidutswa. Kumbuyo mumaika chochirikiza cha ngodya zitatu, n'kuchitsendera ndi thumba la mchenga. Chitseko chikhale ndi felemu yakeyake yochirikizidwa payokha. Mukachimangirira kukhoma lopepukalo, wosewera akangomenyetsa chitseko mwaukali nyumba yonse imagwedezeka, ndipo holo imaseka pamene inayenera kukhala chete.

Tsono tiyeni pa zimene anachita mayi Ishioka mu M. Butterfly, pamene anaika njira yofiira yokhotakhota, yotsetsereka kuchokera pamwamba kufika pasiteji. Papepala ndi mzere umodzi wokongola. Kwa kalipentala ndi mutu waching'alang'ala. Njira yoyenda bwino imakwera mita imodzi pa mamita 12 alionse. Koma ikakhota, mbali yamkati imafupika pamene kukwera kwake n'komweko. Tiyerekeze yakhota gawo limodzi mwa magawo anayi a chizungulire, mbali yamkati ili mamita 3 kuchokera pakati, yakunja mamita 4.5, ndipo ikukwera masentimita 60. Kunja munthu akuyenda mamita 7, ndiye 1 pa 12, zabwinobwino. Mkati akuyenda mamita 4.7 okha, ndiye pafupifupi 1 pa 8. Wovala diresi lalitali ndi nsapato zagogoda akangoyenda cham'kati, waterereka. Choncho muyezo mumawerengera mbali yamkati. Pamwamba pake pamafunika kupotoka pang'ono, ndiye pulayiwudi imodzi ya mamilimita 18 imakana. Ikani ziwiri za mamilimita 9, imodzi pamwamba pa inzake, zolumikizira zake zisakumane. Pansi pake pakakhala mphako pamalira ngati ng'oma, ndiye yalani kapeti yakale pakati. Penti yonyezimira imaterera. Sakanizani kamchenga kosefa mu penti yomalizira.

Makwerero: sitepe iliyonse ikwere masentimita 18, popondapo 28, ndipo onse afanane. Limodzi likangosiyana ndi sentimita imodzi yokha, phazi limapunthwa pomwepo, makamaka magetsi akazima pakati pa zigawo.

Za moto musazitaye. Nsalu za thonje zolendewera pafupi ndi nyali zivikeni m'madzi otentha okwana malita 2 osungunuliramo magalamu 200 a borax ndi 85 a boric acid. Zikauma yesani kachidutswa ndi machesi panja. Mankhwalawa amachoka mukachapa, ndipo pa nayiloni ndi polyester sagwira ntchito. Zimenezo zimangosungunuka n'kudontha.

NaSingano

Bambo WaNyundo mwafotokoza bwino, koma kasiteji kanu kaja muzikationetsanso ife a zovala. Diresi lotambalala mita ndi theka silingadutse pakhomo la masentimita 80, ndipo zimenezi zimadziwika mochedwa chifukwa akalipentala ndi atelala sanakhalirane pansi. Ubwino wa munthu ngati mayi Ishioka, wogwira mbali zonse ziwiri, uli pamenepa: khomo ndi diresi zimachokera m'mutu umodzi.

Mu Dracula, Coppola ankafuna kuti zovala zisenze ntchito imene nthawi zambiri imasenzedwa ndi makoma. N'chifukwa chake muli chovala chankhondo chofiira psuu chooneka ngati minofu ya munthu wosendedwa khungu, mkanjo wofiira wokhwekhwereza mtunda wautali pansi, mkanjo wagolide wotengera zojambula za Gustav Klimt, ndi diresi laukwati lokhala ndi kolala yotambasuka, yotengera buluzi wa ku Australia uja amene amatambasula chikopa chapakhosi ngati ambulera. Dizaina amajambula. Kuti chojambulacho chiime pathupi la munthu wopuma, wotuluka thukuta, ndi ntchito ya wodula nsalu, ndipo imayenda motere.

Mumayamba ndi tebulo papepala: mayina a osewera kutsika pansi, zigawo za sewero mopingasa, m'bokosi lililonse chimene munthuyo wavala. Pamenepo m'pamene mumaonera kuti uyu ali ndi masekondi 40 okha oti asinthe. Kenako miyezo, ndipo si chifuwa, chiuno ndi mahipi zokha ayi. Imapitirira 20: khosi, phewa, mkono utapindika, kuchokera pakhosi kufika m'chiuno kutsogolo ndi kumbuyo, mutu, ndi uja wochokera paphewa kudutsa pakati pa miyendo kubwerera paphewa, umene ukalakwika chovala chogwira thupi chimamukoka munthu mpaka kulephera kuwongoka.

Nsalu yeniyeni simuikhudza kaye. Mumasoka choyeserera ndi nsalu yoyera yotchipa, n'kumuveka wosewerayo atavala nsapato ndi zamkati zimene adzavale pasiteji. Asangoima ngati akujambulitsa. Akhale pansi, agwade, akweze manja onse awiri, athamange ngati sewero likutero. Malaya akamakwera m'mwamba iye akakweza manja, ikani kachidutswa ka ngodya zinayi ka masentimita 10 kapena 12 m'khwapa. M'misoko ya m'mbali ndi yakumbuyo siyani masentimita 4 kapena 5 m'malo mwa 1.5 ya masiku onse, chifukwa osewera amanenepa, amaonda, ndipo tsiku lina chovalacho adzavala ndi wina.

Kuwerengera nsalu: siketi yozungulira yathunthu yotalika mita imodzi, pa chiuno cha masentimita 75. Gawani 75 ndi 6.28, mupeza 12. Onjezani pa 100, ndi 112. Theka lililonse la siketiyo likufuna nsalu ya masentimita 224 kwa 112, ndiye zonse ndi mamita 4.5 pa nsalu ya mulifupi 115, ndipo mpendero wake wam'munsi ndi mamita 7. Onani kuti chitenje chodula kale cha mamita 2 sichikwana ngakhale theka limodzi, gulani yosadula. Ichapeni musanadule, poti thonje limabwerera likanyowa. Mukasoka ikolekeni usiku wonse musanapinde m'munsi, chifukwa mbali zimene zadulidwa mopingasa ulusi zimatamuka. Mukapinda tsiku lomwelo, mawa mupeza kwina kwatsika kwina kwakwera.

Kolala yaikulu ngati ya buluzi ija siimikidwa ndi sitachi yokha. Imafuna mawaya kapena timapulasitiki tolimba mkati, ndipo imamangirizidwa ku kamalaya kolimba kamkati, osati pakhosi. Chovala chilichonse cholemera chitsamire m'chiuno. Chikatsamira pamapewa, pofika chigawo chachiwiri munthu wayamba kuwerama. Chinanso, kolala yotero imabisa nkhope kwa okhala m'mbali ndipo imatchinga kuwala kochokera kumbuyo, ndiye wa magetsi aione msanga.

Posintha mwachangu, mabatani enieni asokereni pamwamba kuti azingooneka, chotsekera chenicheni chikhale zipi yamano aakulu kapena mabatani ongodina. Velcro, kansalu kongomatana kaja, ndi yachangu koma imalira khwee mpaka kumipando yakutsogolo, komanso imakola lesi ndi mawigi.

DisoLaKamera

Kakuwongolera kamodzi tisanapitirire, poti ambiri amasokoneza: mu Dracula mayi Ishioka anakonza zovala zokha. Malo ojambulirapo anakonza ndi Thomas Sanders. Filimu imene muyenera kuonera ngati mukufuna masiteji awo ndi Mishima, koma nayonso musaitenge ngati chitsanzo cha mmene filimu imamangidwira masiku onse, chifukwa kumeneko ankachita dala kuti zioneke ngati zisudzo.

Pasiteji woonera ali mamita 10 kapena 20, ndiye thabwa lopentedwa limadutsa ngati mwala. Kamera imafika masentimita 30. Msoko wokhota, guluu wodontha, zipi yamakono pa diresi la zaka za m'ma 1890, zonse zimaoneka. Makoma amamangidwa oti ena azichotsedwa kuti kamera ndi nyali zilowe, ndiye zolumikizira zake zibisike m'makona kapena kuseri kwa chipilala, ndipo amamangidwa ndi mabawuti, osati misomali.

Zimene zimaononga zovala pa kamera n'zodziwika. Timizere ting'onoting'ono tothinana ndi timabokosi tating'ono timavina pa sikirini, chifukwa timalimbana ndi timadontho ta mkati mwa kamera. Nsalu ya maluwa akuluakulu ilibe vuto limeneli. Choyera mbee chimathobwa kamera, ndipo wosewera akakhala wakhungu lakuda vuto limakula: ukatsitsa kuwala kuti malaya aoneke, nkhope imamira, ukakweza kuti nkhope ioneke, malaya amapsa. Mankhwala ake ndi kuviika malayawo m'madzi a tiyi wopanda mkaka mpaka kuyerako kuzizire. Pa sikirini adzaonekabe oyera. Zakuda nazo sizifanana: jekete ndi thalauza zooneka bii zonse m'sitolo, pansi pa nyali china chimapita kofiirira china kobiriwira. Nyali yofiira pa nsalu yobiriwira imaisandutsa yakuda, nyali ya buluu pa nsalu yofiira chimodzimodzi. Munthu wodalira mtundu wofiira ngati mayi Ishioka sangasankhe nsalu popanda wa kamera. Tengani zidutswa za theka la mita, muzijambule pansi pa nyali zenizeni zimene zidzagwire ntchito, muzione pa sikirini yaikulu, kenako mugule.

Wa zomveka nayenso ali ndi madandaulo ake. Nayiloni ndi nsalu zokhakhala zimalira pa kamaikolofoni kobisa pachifuwa, mikanda imagundana, zidendene zimagogoda. Pansi pa nsapato mumamata kasiponji kopyapyala.

Filimu sijambulidwa motsatira nkhani. Munthu angathe kutuluka m'nyumba Lolemba, n'kudzajambulidwa akufika panja patatha milungu itatu. Ndiye chigawo chilichonse chikatha mumajambula chithunzi cha kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, n'kulemba mabatani angati anali otseka, mkono unapindidwa kangati, wotchi inali dzanja liti. Chovala chothiridwa magazi, matope kapena madzi chimasokedwa zingapo zofanana, zosachepera zitatu, kuphatikizapo cha munthu wolowa m'malo pa zoopsa. Nsalu yake igulidwe tsiku limodzi pa mpukutu umodzi, chifukwa mpukutu wina wa mtundu womwewo utoto wake umasiyanako. Ndipo chovala chatsopano chimaoneka kuti n'chatsopano. Cha mlimi kapena msilikali chichapidwe kangapo, chikhulidwe ndi sandipepa m'zigongono, m'mawondo ndi m'kolala, m'matumba muikidwe miyala chili chonyowa kuti alendewere. Dothi lake likhale la penti ya nsalu, poti dothi lenileni limachoka pochapa ndipo mawa simungalibwezere pamalo omwewo.

Mwanawazisudzo

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Bambo Mkalamba, nkhani mwaisiyira mu 1993. Atalandira Oscar anapitiriza filimu zokhazokha? Ndamvanso za masewera a Olympics.

Mkalamba_wa_Siteji

Ayi, sanakhazikike malo amodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anakonza zovala za magawo anayi a Ring, sewero loimba (opera) la Richard Wagner, ku nyumba ya opera ya ku Amsterdam, motsogozedwa ndi Pierre Audi. Mu 2002 anaveka gulu la Cirque du Soleil, la odumpha ndi kuzungulira m'malere, pa chionetsero cha Varekai, ndipo chaka chomwecho anakonza mayunifolomu a matimu ena pa Olympics ya m'nyengo yozizira ku Salt Lake City. Mu 2008 ndi amene ankayang'anira zovala pa mwambo wotsegulira Olympics ku Beijing, umene ankatsogolera Zhang Yimou. Mu 2011 anabwereranso ku Broadway ndi zovala za sewero la Spider-Man.

Pa filimu, amene anagwira naye kwambiri ndi dayilekitala Tarsem Singh, filimu zinayi: The Cell mu 2000, The Fall mu 2006, Immortals mu 2011 ndi Mirror Mirror mu 2012. Yomalizayi anaigwira akudwala kale khansa ya kapamba. Anamwalira ku Tokyo pa 21 Januwale 2012 ali ndi zaka 73, filimuyo isanatuluke, ndipo chaka chotsatira dzina lawo linali pa mndandanda wa opikisana pa Oscar ya zovala. Mu 2020 Museum of Contemporary Art ya ku Tokyo inaonetsa ntchito za moyo wawo wonse.

NaSingano

Ndionjezere pa ziwirizo, Varekai ndi Beijing, poti malamulo ake ndi ena. M'bwalo lamasewera woonera ali kutali moti nkhope saiona, mabatani n'zosayamba. Chimene chimafika kwa iye ndi mtundu ndi mawumbidwe a khamu lonse likamasuntha pamodzi. Anthu masauzande simungawayeze mmodzimmodzi, ndiye mumadula masaizi ochepa, n'kuika zingwe ndi lasitiki zoti aliyense amange yekha.

Wodumpha ndi kuzungulira m'malere ndiye wovuta kuposa onse. Nsalu ikhale yotamuka mbali zonse, msoko ukhale wa zigizagi kapena wa ovaloko, chifukwa msoko wowongoka umaduka ulendo woyamba akatambasula miyendo. Pamene mnzake amamugwira, m'mikono, m'chiuno ndi m'akakolo, pasakhale nsalu yoterera kapena chokongoletsa chilichonse. Zotukuka ngati minga kapena zipsepse zikhale zofewa, zopindika akazigonera. Ngati wavala malamba omukolekera pachingwe, malambawo amakhala mkati, ndipo miyezo mumatenga atawavala kale. Timabowo totulukira ngowe musatidule ali chiimire pansi. Mukolekeni kaye m'mwamba, muone pamene ngowe yafika thupi litalendewera, mulembe ndi choko pomwepo, kenako mudule n'kulimbitsa m'mbali mwake ndi kachikopa kofewa.